Thalakitala inafika, koma ntchito sinayambe

Malo amene tikukhalapo kukula kwake n'kosautsa. Khasu ndi wilibala sizikwanitsa, koma mwini thalakitala yaikulu akamva kuti ndi maekala ochepa chabe, amakuikani kumapeto kwa mndandanda. Pali munda, pali mitengo ya zipatso yobzalidwa mothithikana, pali msewu wolowera kunyumba umene madzi amaukumba chaka ndi chaka, ndiye kumunsi kuli malo otsetserekera kumtsinje kumene timatenga nkhuni ndi mchenga. Kwa zaka zingapo ndinkachita hayala thalakitala ya eni ake. Inkabwera mvula itakhazikika kale, woyendetsa ali pa changu, ndipo m'mitengo muja sinkatha kukhota popanda kukhadzula nthambi. N'chifukwa chake ndinaganiza zogula yangayanga yaing'ono. Ngati nanunso muli ndi maganizo amenewa, ndalama zili m'manja kapena mukukonza zokatenga ngongole, werengani kaye mmene zinandiyendera ine.

Ndinayamba ndi kufunsa zatsopano. Makampani monga Kubota, John Deere, Massey Ferguson ndi Mahindra onse ali ndi mathalakitala aang'ono, a mahosipawa oyambira cha m'ma 20 mpaka cha m'ma 50, ambiri mwa iwo a injini ya dizilo ya masilinda atatu. Mtengo unandibweza. Kuwonjezera apo, atsopano opangidwira misika ya ku Ulaya ndi ku America, akapitirira mahosipawa 25, ambiri amakhala ndi fyuluta yogwira mwaye wa mu utsi yotchedwa DPF, imene imafuna dizilo wa salufa wochepa kwambiri ndiponso makaniko wodziwa kuunika ndi kompyuta. Ndinatembenukira ku zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zimapezeka m'maiko ambiri. Zimaoneka zaudongo, injini zake n'zolimba, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti zambiri zinapangidwira alimi a mpunga a kumeneko, a minda yaing'ono, yosalala, ya dothi lofewa. Chilichonse pa thalakitalayo, kuyambira kupepuka kwake mpaka mmene zida zimamangidwira kumbuyo, chinakonzedwera ntchito imeneyo.

Tsiku lokaona, ndinapeza injini ikulira kale. Wogulitsa anandilandira ndi nsangala: "Bwana, mwadzimvera nokha. Iyi ndi ya kiyi imodzi." Penti inali yatsopano, matayala atapakidwa mafuta, mita ya maola ikusonyeza nambala yaing'ono. Ndinaiyendetsa kuzungulira bwalo, mtima unagwa pomwepo, ndipo funso lokhalo limene ndinafunsa mobwerezabwereza linali la mahosipawa. Anali 22, ndi ya mawilo onse anayi okoka. Mawilo anayi okokawo ndi chinthu chimodzi chimene ndinachipeza mwamwayi ndipo ndimachiyamikira mpaka lero.

Inu mukapita kokaona, pemphani kuti asailize musanafike, ndipo gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotopa imabisala ikatentha, koma m'mawa imavuta kulira. Yang'anani utsi: wobiriwirako ngati wa mtambo ukusonyeza kuti ikuwotcha oyilo, woyera wosatha ngakhale injini yatentha ukhoza kukhala madzi olowa m'masilinda. Ikulira choncho tsegulani pothirira oyilo. Mukaona mpweya ukufwenthera mwamphamvu, maring'i a mapisitoni atha. Oyilo wooneka ngati wasakanikirana ndi mkaka ali ndi madzi. Kwezani chida cholemera kumbuyo, zimitsani injini, muone ngati chikutsika chokha. Mita ya maola musaikhulupirire kwambiri, poti ena amaisintha ndipo pa zakale zina imabwerera pa ziro ikadzaza. Choonadi chili pa mapedulo operepeseka ndi mabowo a mapini amene akula. Koposa zonse, jambulani kachitsulo kolembedwa nambala ya thalakitala ndi ka nambala ya injini, muimbire ogulitsa masipeya, muwafunse ngati ali ndi fyuluta, gasiketi ndi pampu ya madzi ya nambala zimenezo. Chitani zimenezi musanapereke ndalama. Akayamba kukayikakayika pa foni, nanunso kayikani.

Ndalama yoyamba imene sindinaiwerengere inali ya lole yonyamulira, chifukwa kathalakitala kotere kamayenda pang'onopang'ono moti mtunda wautali sungayende nako pamsewu. Itatsitsidwa pakhomo ana anaizungulira, ine usiku umenewo tulo sindinatione bwino chifukwa cha chimwemwe. Ndinali nditalipira kale pulawo ya madisiki kwa mlimi wina amene ankagulitsa zida zake, ndipo ndinkadziwa kuti mawa lake ndili m'munda.

Mawa lakelo pulawo inakana kulowa. Kumbuyo kwa thalakitala yodziwika kumakhala mikono iwiri yam'munsi ndi ndodo imodzi yapamwamba, malo atatu omangirira chida. Njira imeneyi anaitulukira ndi Harry Ferguson, amene anailembetsa ngati luso lake mu 1926, ndipo inafala kwambiri ndi thalakitala ya Ford 9N ya mu 1939. Yanga inalibe mikono imeneyi. Inabwera ndi rotaveta, chida chija cha mipeni yozungulira chophwanya dothi, yomangidwa ndi zitsulo zakezake zazifupi zimene sizigwira chida china chilichonse. Nditaichotsa rotavetayo kumbuyo kunangotsala mbee. Ndinayenera kuitanitsa mikono, ndodo yapamwamba ndi timaunyolo toletsa chida kugwedezekera m'mbali, kenako kupeza munthu woti azimange. Zitafika zinthuzi ndinakumana ndi vuto lachiwiri. Zomangirira zimenezi zili m'magulu. Mathalakitala aang'ono ambiri ndi a Category 1, mapini am'munsi a mamilimita 22, pamene pulawo yanga inali ya Category 2, mapini a mamilimita 28. Ndinkafuna kungosintha mapini, koma makaniko amene ankamanga mikono uja anaiyang'ana pulawoyo n'kupukusa mutu. "Achimwene, pini tisintha, koma iyi siinyamula. Ikainyamulanso, mawilo akutsogolo akhala m'mwamba." Ndinaigulitsa motchipa n'kuyamba kufufuza yaing'ono ya madisiki awiri.

Zonsezi zikuchitika, nyengo yolima sinkadikira. Chaka chimenecho ndinachitanso hayala thalakitala yaikulu, yanga ili chiimire pansi pa mtengo. Mayi a kunyumba sanakalipe, anangofunsa tikudya madzulo: "Abambo, ndiye ija mwagula ija ndi yoti tizijambulitsirapo zithunzi?" Ndinaseka nawo, koma mumtima munali mowawa, chifukwa ndalama imene inapita pamenepo tinaisunga tonse awiri.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse ya ndalama. Thalakitala payokha ndi injini yokhala ndi mawilo basi, ntchito imagwiridwa ndi zida. Nditawerengera pulawo, silasha yotchetchera udzu, ngolo, chitsulo chosalazira msewu, mipeni yatsopano ya rotaveta, mikono ija, lole, oyilo ndi mafyuluta onse oyamba, ndi kashedi kosungiramo, ndinapeza kuti ndawonjezera ndalama yopitirira theka la mtengo wa thalakitalayo. Mukamakonza bajeti, yambani ndi kulemba ntchito zimene mukufuna kugwira, pa ntchito iliyonse mulembe chida chake, kulemera kwake ndi mtengo wake. Thalakitala muisankhe pomaliza, yoti inyamule ndi kuzungulitsa zida zimenezo. Ngati ndalama ikukwana thalakitala yokha, simunakonzeke kugula.

Pulawo yaing'ono itapezeka ndinakailowetsa m'dothi louma gwa. Injini inali ndi mphamvu yokwanira, koma matayala ankangozungulira pamodzimodzi n'kumakumba maenje. Pamenepo ndinazindikira kuti nambala ya mahosipawa imene ndinkaifunsa ija si imene imakoka pulawo. Chimakoka ndi kulemera kokanikiza matayala pansi, ndipo kathalakitala kanga sikafika ngakhale tani imodzi. Tinathira madzi m'matayala akumbuyo, kufika pa magawo atatu mwa anayi, valavu ili pamwamba, malo otsalawo n'kusiyira mpweya. Kumaiko ozizira kumene madzi amaundana amasakaniza mankhwala, ndipo ena mwa mankhwalawo, monga calcium chloride, amadyetsa dzimbiri malimu. Kutsogolo tinapachika zitsulo zolemera kuti chiwongolero chizimvera chida chikakwezedwa. Zinathandiza ndithu, komabe dothi louma la pamalo osalimidwapo si la kathalakitala kotere. Kamalima bwino mvula ikanyowetsa nthaka pang'ono.

Dziwaninso liwiro lenileni la ntchito musanalonjeze munthu aliyense. Chulukitsani m'lifupi mwa chida, m'mamita, ndi liwiro loyendera, m'makilomita pa ola, mugawe ndi 10, mupeza mahekitala pa ola. Rotaveta ya mita 1.2 yoyenda makilomita 2 pa ola imatha hekitala 0.24 pa ola, ndipo mukachotsa nthawi yokhota ndi yochotsa udzu wokulungana pa mipeni, imatsika kufika cha pa 0.18. Ndiye kuti hekitala imodzi ndi maola oposa asanu muli pampando wolimba, padzuwa, fumbi lili koboo.

Silasha ndi imene inandiphunzitsa za PTO, kashafuti kotulukira kumbuyo kamene kamazungulitsa zida. Zida zambiri za mathalakitala aang'ono zimapangidwira liwiro la maulendo 540 pa mphindi, kashafuti ka mano 6. Yanga ili ndi ndodo yosinthira liwiro la PTO kangapo, zolemba zake zili m'Chijapanizi, ndipo ndi giya yoyamba yokha imene imayandikira 540. Enawo amathamanga kwambiri, moti kuika silasha pamenepo n'kuitana ngozi. Shafuti yolumikiza thalakitala ndi chida nayonso imagulitsidwa yaitali dala kuti muidule molingana ndi thalakitala yanu. Mukaisiya yaitali, pokweza chida imakankha PTO m'kati n'kuswa bokosi la magiya. Izi makaniko anandichenjeza nthawi isanathe, tinaidula.

Chimene sanandiuze ndi ichi. Ndikutchetcha m'mbali mwa mpanda, nditafika pakona, ndinaponda kilatchi kuti ndiime. Thalakitala sinaime. Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse, koma inkangopitabe ngati pali munthu akuikankha kumbuyo, mpaka inagwetsa nsanamira n'kukoleka waya pa nyale. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, mipeni ya silasha ikuzungulirabe pansi, fuu, fuu, fuu. Pa mathalakitala akale ambiri PTO imayendetsedwa ndi magiya omwewo oyendetsa mawilo. Mipeni ya silasha ndi yolemera, ikathamanga siima msanga, ndiye mukaponda kilatchi mphamvu yake imabwerera kudzera mu shafuti n'kumazungulitsa mawilo. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa overrunning clutch, kovekedwa pa PTO shafuti isanalowe, kamene kamalola mphamvu kupita mbali imodzi yokha. Mtengo wake ndi wochepa kuposa wa nyale imene ndinaswa. Pogula funsani ngati PTO ndi yodziimira payokha kapena yodalira magiya, ndipo ngati ndi yodalira magiya musamange silasha popanda kachipangizo kameneka.

Maulendo 540 pa mphindi ndi maulendo 9 pa sekondi imodzi. Shafuti yopanda chivindikiro chake cha pulasitiki ikagwira mkono wa malaya kapena nsonga ya nsalu, munthu sapeza mpata wokuwa n'komwe. Musatsike pampando PTO ikuzungulira, ngakhale mukungofuna kuchotsa kanthambi. Komanso pa shafuti ya silasha pamakhala bawuti lofewa limene linapangidwa kuti lizithyoka mipeni ikamenya mwala kapena chitsa. Likathyoka kawirikawiri mtima umafuna kuikapo lolimba. Mukatero chothyoka chotsatira chidzakhala giyabokosi ya silasha. Gulani mabawuti ofewawo ambiri, muziyenda nawo m'bokosi la masipanala.

Vuto limene linandidyera ndalama zambiri linabwera m'chilimwe, ndikutchetcha udzu wouma wautali. Tinyenyeswa ta udzu ndi njere zake zinkauluka n'kumamatirira pa sefa ya kutsogolo kwa radiyeta mpaka mpweya unasiya kudutsa. Thalakitala yanga inalibe geji ya kutentha, inali ndi kanyale kochenjeza basi, ndipo kanyaleko kanali kakufa kuyambira tsiku limene ndinaigula. Ndinamva kafungo kachilendo, mphamvu inayamba kuchepa, kenako nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti. Gasiketi ya hedi, chomatira chokhala pakati pa injini ndi chivindikiro chake chapamwamba chotchedwa hedi, inali itapsa, hediyo itapindika.

Kukonza kwenikweni sikunali kovuta. Chovuta chinali kupeza gasiketi. Ogulitsa masipeya ankatsegula mabuku awo, nambala ya thalakitala yanga osaipeza, chifukwa mtundu umenewu unkagulitsidwa ku Japan kokha. Ndinaitanitsa pa intaneti, ndinadikira milungu, ndipo imene inafika inali ya mabowo osalingana. Amene anandipulumutsa ndi bambo ena achikulire amene akhala akukonza mathalakitala moyo wawo wonse. Anapukuta mbali ya injini ndi kansanza, anawerenga nambala yodindidwa pachitsulo, n'kunena kuti, "Mwana wanga, usamafunse dzina la thalakitala. Funsa injini. Injini yomweyi ili m'majenereta ndi m'makina ena okumbira." Ndi nambala imeneyo gasiketi yoyenera inapezeka. Hedi inapita kokasalazidwa, tinasinthanso mapaipi a madzi ndi thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa madzi a injini. Thalakitala inakhala miyezi ili chigonere, ndipo zonse pamodzi zinadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo umene ndinagulira. Nthawi imeneyo ndinaganizapo zoigulitsa mmene inalilimo, kungoti panalibe amene akanandipatsa ndalama yooneka pa thalakitala yomasulidwa injini.

Chiyambire pamenepo, ndikamatchetcha udzu wouma ndimaima pafupipafupi kuchotsa zinyalala pa sefa, ndipo radiyeta ndimaipemerera kuchokera mbali ya fani kuti fumbi lituluke mmene linalowera. Ndinaikitsa geji ya kutentha, yotchipa ndithu. Chivindikiro cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amathovoka n'kukuwotchani kumaso. Madala aja anandionetsanso zina zimene buku likanandiuza ndikanakhala nalo: kukhetsa madzi m'kabotolo ka pansi pa fyuluta ya dizilo, kutulutsa mpweya m'mapaipi dizilo akathera m'njira, ndi kusafufuza ndi dzanja podontha oyilo wa hayidiroliki, uja wokweza zida. Oyilo ameneyu amayenda ndi mphamvu yoti akhoza kuboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo bala lake limaoneka laling'ono koma limafuna dokotala mwamsanga. Pofufuza gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni.

Tsiku limene ndinatsala pang'ono kufa linali la ntchito wamba. Panali chitsa pakati pa munda chimene chinkandisokoneza polima. Ndinakumba mozungulira, ndinadula mizu ina, ndinamanga unyolo. Pofuna pokoleka mbali ya thalakitala ndinaona pini ya ndodo yapamwamba ija, kuseri kwa mpando, ili poyera komanso yosavuta kufikira. Ndinakoleka pamenepo. Ndinaika giya yotsika, ndinawonjezera moto, ndinayamba kusiya kilatchi. Unyolo unakungika, chitsa sichinasunthe, matayala odzaza madzi aja anagwira pansi osaterereka. Kenako ndinangoona boneti ikukwera, mitengo ya kutsogolo ikusowa, m'maso mwanga muli thambo lokhalokha. Phazi linali lidakali pa kilatchi ndipo linaponda lokha ndisanaganize. Kutsogolo kunagwa pansi ndi chiphokoso, mano anga n'kuluma lilime. Ndinazimitsa injini, ndinakhala pansi pa dothi nthawi yaitali, malovu a magazi ali m'kamwa.

Matayala akumbuyo akakanika kuzungulira, mphamvu ya injini imazungulitsa thalakitala yonse mozungulira ekiselo yakumbuyo. Mukamanga unyolo pamwamba pa ekiselo mumaithandiza kugadabuka. Akatswiri a chitetezo cha pa ulimi amanena kuti thalakitala imatha kufika posabwereranso m'nthawi yosakwana sekondi imodzi. Chokoka chilichonse chimangidwe pa drawbar, chitsulo cha pansi pa ekiselo, osati pena paliponse. Ndipo zitsa zikuluzikulu si ntchito ya thalakitala yaing'ono, kumbani kapena itanani makina ake.

Yanga inalibe chitsulo chotchinjiriza woyendetsa ikagubuduzika, chimene chimatchedwa ROPS. Kugubuduzika ndi kumene kumapha anthu ambiri pa ngozi za mathalakitala. Dziko la Sweden linalamula kuti mathalakitala atsopano azikhala ndi chitetezo chimenechi kuyambira 1959, ndipo imfa zotere zinatsika kwambiri. Ku America a zachitetezo cha pantchito amati chitsulochi pamodzi ndi lamba zimateteza imfa kapena kuvulala koopsa pa ngozi 99 mwa 100 za kugubuduzika. Ndinayamba ndaganiza zokawotcheretsa mapaipi, madala aja anandiletsa: chowotcherera pakhomo chimathyoka pa nthawi imene mukuchifuna, mwinanso n'kukubayani. Ndinafufuza chopangidwira mtundu wa thalakitala yanga, chomangidwa ndi mabawuti pa ekiselo, ndinachidikira nthawi yaitali ndipo sichinali chotchipa. Lamulo lake ndi ili: chitsulo chikakhalapo mangani lamba nthawi zonse, chifukwa popanda lamba mumaponyedwa kunja n'kupsinjidwa ndi chitsulo chomwecho. Pa thalakitala yopanda chitsulo lamba samangidwa.

Kumtsinje kuja ndimapitako mwaulemu tsopano. Ngolo yodzaza mchenga wonyowa imalemera kuposa kathalakitala, ndipo mabuleki ali ku mawilo akumbuyo okha. Pamalo otsetsereka ndimasankha giya yotsika ndisanayambe kutsika, mawilo onse anayi ali olumikizidwa, ndipo kilatchi sindiiponda mpaka pansi. Ndimayenda molunjika kukwera kapena kutsika, osati chopingasa, poti kathalakitala kopapatiza sikachedwa kugwa cham'mbali tayala limodzi likalowa m'dzenje. Mapedulo awiri a mabuleki ndimawamanga pamodzi ndikatuluka m'munda, chifukwa kuponda limodzi uli pa liwiro kumaitembenuza mwadzidzidzi. Ngolo ndimadzaza theka, kulolera kubwerera kawiri. Mpando ndi umodzi, ndiye wokwera ndi mmodzi. Mwana wanga wamwamuna anandikwiyira masiku angapo nditamuletsa kukhala pa madigadi. "Adadi, ndigwira zolimba," ankatero. Ndinakana, ndipo ndimakanabe.

Anansi nawo amabwera, ndipo ndi bwino kukonzekera yankho asanafike. Ndinabwereketsa kamodzi, inabwera ndi bawuti lolimba pa silasha, dizilo wa m'chigubu chakuda ali mu thanki. Panopa ndikafuna kuthandiza munthu ndimapita nayo ndekha, timagwirizana za dizilo ndi maola tisanayambe. Ena amaona ngati ndi kuuma mtima, koma gasiketi ija ndinaidikira ndekha.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku sichovuta mukachizolowera. Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo maola ndi zimene ndasintha. Ndisanailize ndimayang'ana oyilo, madzi, matayala ndi pansi ngati padontha kanthu. Girizi ndimapopera m'malo ake onse pakatha maola 10 ogwira ntchito. Oyilo wa injini ndimasintha pa maola 100, kapena kamodzi pachaka ngati maolawo sanakwane, koma inu tsatirani buku la thalakitala yanu, ndipo ngati ndi yatsopano musaphonye sevisi yoyamba imene kawirikawiri imakhala pa maola 50. Dizilo imamwa malita awiri kapena atatu pa ola, kutengera ntchito. Chodabwitsa n'chakuti kuima kumaiwononga kuposa kugwira ntchito. Ikakhala nthawi yaitali pachinyezi kilatchi imamatirira, n'chifukwa chake zambiri zili ndi kokolekera pedulo kuti ikhale yopondeka. Makoswe amamanga zisa pa injini n'kudya mawaya, batire limatha moto, thanki yosadzaza imachita thukuta m'kati n'kusakaniza madzi ndi dizilo. Ndimayesetsa kuiliza ndi kuiyendetsa mpaka itenthe ngakhale pa nyengo yopanda ntchito.

Ndikayang'ana m'kabuku kaja, ntchito imene ndinaigulira, yolima, ndi imene imatenga maola ochepa kwambiri. Maola ambiri amapita ku ngolo, kututa manyowa, nkhuni, madzi ndi zokolola, kenako ku silasha, kenako kusalaza msewu mvula ikatha. Pa ntchito zimenezi kathalakitala kandipepukitsira moyo moti sindingafune kubwerera ku wilibala, ndipo m'mitengo ya zipatso muja kamakhota bwinobwino. Koma pothyola malo atsopano ndimaitanabe yaikulu. Munthu amene vuto lake ndi kulima kokha, kamodzi pachaka, hayala imutsikira mtengo kuposa kukhala ndi yake. Yanuyanu imapindula ngati muli ndi ntchito zing'onozing'ono zambiri chaka chonse.

Ndikanati ndigulenso, ndikanasankha yolemererako ngakhale mahosipawa akhale omwewo, ya mikono itatu ya Category 1 yomangidwa kale, PTO yodziimira payokha, ROPS ndi lamba, buku la chilankhulo chimene ndimamva, ndiponso mtundu umene wogulitsa masipeya wapafupi amaudziwa. Ndikanafunanso yokhala ndi loda, chidebe chija chonyamulira kutsogolo, chifukwa kuikitsa pambuyo pake n'kodula kwambiri. Ndinafunsapo za yanga, madala aja anayang'ana ekiselo yakutsogolo ndi pampu ya hayidiroliki n'kundiuza kuti ndisiye, sizinapangidwire katundu wotero. M'malo mwake ndinagula chidebe chomangirira kumbuyo, chimene chimatapa mchenga ndi manyowa ndikamabwerera chambuyo. Khosi limawawa ndi kucheuka, koma ntchito imatheka. Panopa ndikusunga ndalama ya matayala akumbuyo, amene ayamba kung'aluka m'mbali chifukwa cha ukalamba ngakhale mano ake akadali aatali. Saizi yake si yopezeka wamba, ndiye ndayamba kufunsa asanaphulike.